Kukonza magazini ya nyimbo pa Photoshop kapena GIMP, kuchokera pa chithunzi mpaka papepala

Ntchito iyambire kwa osindikiza, pulogalamu musanaitsegule n'komwe, chifukwa makina awo ndi amene amalamula kukula kwa tsamba, mitundu ndi m'mphepete. Kuno ku Salima njira ndi ziwiri. Pali makina a digito a m'mashopu osindikiza, omwe ndi abwino ngati mukufuna makope ochepa, ndipo pali makina akuluakulu a offset a ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, komwe mtengo wa kope limodzi umatsika makope akamachuluka. Afunseni kuti pepala lalikulu lomwe makina awo amalandira ndi liti, ngati ali ndi makina odulira mapepala, ngati akufuna fayilo ya RGB (mitundu ya kuwala kwa pa sikirini) kapena ya CMYK (inki zinayi zosindikizira: C yabuluu, M yofiirira, Y yachikasu, K yakuda), komanso ngati muwatumizire masamba limodzilimodzi kapena ophatikiza awiriawiri.

Funso la pepala ndi lomwe limagwetsa ambiri. Magazini ya A4 yopanidwa ndi mawaya pakati imachokera ku pepala la A3 lopindidwa pawiri. Makina a digito sapaka inki mpaka kumapeto kwa pepala, amasiya mzere woyera wa mamilimita 4 kapena 5 kuzungulira. Ngati mukufuna chithunzi chifike m'mphepete mwenimweni, asindikize pa pepala lokulirapo la SRA3, la 320 x 450 mm, kenako adule. Akakhala kuti ali ndi A3 yokha, chepetsani magazini ikhale 200 x 280 mm kuti papezeke podula, apo ayi vomerezani malire oyera pa tsamba lililonse n'kuwakonzeratu kuti aoneke kuti ndi adala. M'malangizo ano tikutenga A4, masamba 16.

Pindani mapepala kaye

Masamba a magazini yopanidwa pakati amayenda anayianayi: 8, 12, 16, 20. Mukakhala ndi nkhani zodzaza masamba 14, muwonjezere awiri kapena muchotse awiri. Tengani mapepala anayi, muwapinde pamodzi, mulembe manambala 1 mpaka 16 ndi zomwe zikhale pa tsamba lililonse. Mukawamasula muona kuti tsamba 16 lili pepala limodzi ndi 1, tsamba 2 ndi 15, mpaka pakati pomwe 8 ndi 9 ali mbali imodzi ya pepala limodzi. Pakatipo ndi pokhapo pomwe chithunzi chingadutse masamba awiri popanda kuopa kuti mbali ziwirizo zisemphana, ndiye chithunzi chachikulu cha woyimba, choti achinyamata akamate pakhoma, chiikeni pamenepo. Masamba a manambala 3, 5, 7 amakhala kumanja, ndipo nkhani zikuluzikulu ziyambire kumeneko kapena zitenge masamba awiri oyang'anizana. Tsamba 16, lomwe ndi chikuto cha kumbuyo, ndi tsamba 2 ndi malo odula kwambiri kwa otsatsa malonda.

Zithunzi: apa ndi pomwe magazini imafera kapena kupulumukira

Chithunzi chomwe woyimba wakutumizirani pa WhatsApp mwachizolowezi chimakhala chitafinyidwa kale, nthawi zambiri mbali yaitali imatsala mapikiselo pafupifupi 1600. Pa mapikiselo 300 pa inchi, muyezo wosindikizira bwino, amenewo ndi masentimita 13.5 okha, pomwe chikuto ndi chotalika masentimita 29.7. Muuzeni atumizenso ngati Document, kuchokera m'foni kapena kamera yomwe inajambula, osati chomwe anachikopera pa Facebook. Chithunzi choimirira cha foni ya 12 megapixel, cha 3000 x 4000, chimakwana 25.4 x 33.9 cm, kotero chimadzaza chikuto bwinobwino ngati simuchidula kwambiri.

Kuti mudziwe kukula komwe chithunzi chingafike, mu Photoshop pitani pa Image > Image Size, chotsani chizindikiro pa Resample, lembani 300 pa Resolution, ndipo muwerenge masentimita omwe atuluke. Mu GIMP ndi Image > Print Size. Kutsika mpaka 240 sikuoneka kwenikweni. Pansi pa 200 nkhope imayamba kufufuma ndipo ndevu ndi tsitsi zimasanduka phala. Kulemba 300 Resample ili yotsegula sikubweza zomwe zinatayika, kumangokulitsa fayilo.

Ngati mukujambula nokha ku Senga Bay, kumbukirani kuti nyanja ili kum'mawa. Woyimba akaima nyanja ili kumbuyo kwake m'mawa, dzuwa limakhalanso kumbuyo kwake ndipo nkhope imada bii. Pitani chakumadzulo, cha m'ma 4 koloko, dzuwa likumuwala kumaso. Masana enieni mchenga ndi madzi zimathwanima mopyola, maso amalowa m'mithunzi. Jambulani choimirira, ndipo pamwamba pa mutu pakhale mpata waukulu wa dzina la magazini. Ojambula ambiri amadzaza nkhope chithunzi chonse, wokonza chikuto n'kusowa poika chilembo.

Kutsegula tsamba

Mu Photoshop, File > New. Width 216 mm, Height 303 mm, Resolution 300 Pixels/Inch, Color Mode RGB, 8 bit. Onetsetsani kuti ndi Pixels/Inch, chifukwa Pixels/Centimeter imatulutsa fayilo yolemera yoti laputopu n'kuima. A4 ndi 210 x 297 mm. Mamilimita 3 owonjezera mbali iliyonsewo ndi bleed, gawo lomwe mpeni udzadye. Mpeni sugwera malo amodzimodzi pa kope lililonse, ndiye chithunzi chikathera pa mzere wodulira penipeni makope ena amatuluka ndi kamzere koyera m'mbali.

Ikani mizere yotsogolera kudzera pa New Guide Layout, yomwe ili pansi pa View. Margin yoyamba ikhale 3 mm mbali zonse, ndiwo mzere wodulira. Bwerezani ndi 8 mm, ndipo chilembo chilichonse kapena logo zisapyole mzere wachiwiriwu. Mu GIMP, pa File > New sinthani px kukhala mm ndipo 300 mulembe pansi pa Advanced Options. Tsamba lituluka mapikiselo 2551 x 3579, ndipo pa Image > Guides > New Guide muike mizere yoimirira pa 35 ndi 2516, yopingasa pa 35 ndi 3544.

Sungani fayiloyi isanalowe kanthu, kuti tsamba lililonse muziyambira pamenepo. Pa Preferences > File Handling uzani Photoshop izisunga yokha mphindi 5 zilizonse. GIMP sisunga yokha, ndiye Ctrl+S izolowere m'zala, poti magetsi sachenjeza akamathima.

Chikuto

Lowetsani chithunzi ndi File > Place Embedded kuti chikhale Smart Object. Chikatero mungachichepetse n'kuchikulitsanso osachiwononga. Ndi Ctrl+T chikokeni mpaka chidzaze tsamba lonse kufika kunja kwa bleed, maso a woyimba akhale chapamwamba pa theka la tsamba. Gwirani pakona pokoka ndipo muone kuti munthu sakufupika kapena kuonda. Mutu wophwathalala umaoneka msanga kwa anthu omwe amamudziwa.

Lembani dzina la magazini ndi Type tool, pa chigawo cha pamwamba chosapyola kota ya tsamba. Dzina lalifupi limafuna zilembo za 150 mpaka 200 pt, womwe ndi muyezo wa kukula kwa zilembo, kuti lidzaze m'lifupi. Dzinali lidzakhala lomwelo kope lililonse, zilembo zomwezo, malo omwewo. Chosintha ndi mtundu basi.

Kuti mutu wa woyimba ukhale kutsogolo kwa dzinalo pamafunika ma layer atatu, kutanthauza magawo osanjikizana: pansi chithunzi chonse, pakati dzina, pamwamba kope la chithunzi chomwecho lomwe latsala ndi munthu yekha. Dinani Ctrl+J pa chithunzi, kokerani kopelo pamwamba pa dzina, kenako Select > Subject ndi Select and Mask. Mmenemo yendetsani Refine Edge Brush m'mphepete mwa tsitsi lokha, osati pankhope kapena pamapewa, ndipo pa Output To musankhe Layer Mask, chophimba chomwe chimabisa mbali ya chithunzi osaifufuta. Poti chithunzi chonse chikadali pansi, malo ofunika kusamala ndi okhawo omwe mutu wakumana ndi zilembo. Kwinako musataye nthawi.

Tsitsi la madiredi ndi lolukidwa limavuta chifukwa kuwala kwa kumbuyo kumadutsa m'mipata. Kulitsani chithunzi kufika 200%, dinani pa mask, tengani burashi yofewa pang'ono. Yakuda imabisa, yoyera imabweza, ndipo batani la X limasinthanitsa ziwirizi. Kamzere kowala kotsalira m'mphepete mwa tsitsi kamachoka mukaika Shift Edge pa -10 mpaka -20%, kapena mukatsegula Decontaminate Colors. Khosi la gitala, maikolofoni ndi chipewa zili ndi m'mphepete mowongoka, ndipo zimadulika bwino ndi Pen tool. Mu GIMP gwiritsani ntchito Foreground Select kapena Paths, kenako Layer > Mask > Add Layer Mask n'kusankha Selection. Eraser isiyeni, chomwe yafufuta sichibwerera mawa mukasintha maganizo. Ndipo ngati magazini ndi yatsopano, mutu usabise zilembo zoposa chimodzi kapena ziwiri, anthu sanalidziwe dzinalo.

Mitu ya nkhani pachikuto ikhale inayi kapena isanu. Umodzi waukulu, wa 60 mpaka 80 pt, wonena za munthu ali pachithunziyo, ina ya 16 mpaka 24 pt m'mbali, yonse yoyambira pa mzere umodzi. Isakwere pankhope kapena pa dzanja logwira chida. Mitundu ya kalembedwe ka zilembo, ma font, ikhale iwiri yokha. Mtundu wa utoto wa mituyo utengeni ndi Eyedropper pa malaya kapena chitenje cha woyimbayo kuti chikuto chigwirizane. Zilembo zikamasowa pa chithunzi chodzaza zinthu, musathamangire Stroke ndi Outer Glow monga zimakhalira pa mapositala a madansi. Ikani layer yatsopano pansi pa zilembozo, kokani Gradient yochoka pakuda kupita poonekera, Blend Mode ikhale Multiply, Opacity 40 mpaka 60%. Kumbuyo kumazirala, zilembo n'kuonekera zokha. Pomaliza chepetsani chikuto pa sikirini chifanane ndi bokosi la machesi. Ngati dzina ndi mutu waukulu zikuwerengeka, chikutocho chili bwino.

Musaiwale nambala ya kope, mwezi, chaka ndi mtengo. QR code yopita ku nyimbo ikhale yakuda pa choyera, yosachepera 2 x 2 cm, ndipo muiyese ndi foni papepala.

Khungu ndi magetsi a pa siteji

Zithunzi za usiku, monga za ku Sand Music Festival kapena Lake of Stars, zomwe zonse zachitikirapo m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, zimabwera ndi kuwala kwa pepo, kofiira kapena kwa buluu pankhope. Konzani ndi Adjustment Layer kuti chithunzi chenicheni chisakhudzidwe. Pa Curves tengani eyedropper yapakati, mudine pa chinthu chomwe mukudziwa kuti ndi chotuwa, monga chitsulo cha maikolofoni. Pa Hue/Saturation sankhani Magentas kapena Reds mutsitse Saturation ndi 20 mpaka 30. Nkhope ikakhala kuti yamira mu mtundu umodzi, musalimbane nayo. Isandutseni yakuda ndi yoyera ndi Black & White, nthawi zambiri imaoneka bwino kuposa poyamba.

Pepala limamwa inki ndipo madontho amafalikira, motero chithunzi chimatuluka chakuda kuposa momwe chimaonekera pa sikirini, makamaka pa pepala wamba la bond. Khungu lakuda ndi lomwe limavutika: tsaya, chibwano ndi tsitsi zimalumikizana kukhala chinthu chimodzi. Pa Curves kwezani pang'ono chigawo cha mithunzi mpaka mzere wa chibwano uoneke, kuwala kwa pamphumi mukusiye momwe kulili. Kumeneku ndi kutsegula mithunzi, si kuyeretsa munthu. Woyimba yemwe mwamusintha khungu sadzakuthokozani, ndipo omutsatira adzaseka magaziniyo. Tsitsani kuwala kwa sikirini kufika pakati mukamaweruza zimenezi.

Timadontho ta mchenga ta zithunzi za usiku timachepa ndi Filter > Camera Raw Filter, Noise Reduction pa 20 mpaka 30. Mukapyola, nkhope imakhala ngati yapulasitiki. Kunola chithunzi, kuti chioneke chakuthwa, kubwere pomalizira, chithunzi chili pa kukula kwake komaliza: Unsharp Mask, Amount 80 mpaka 120%, Radius 1, Threshold 3.

Dinani Ctrl+Y kuti muone momwe mitundu idzaonekere ndi inki, ndi Shift+Ctrl+Y kuti malo omwe inki singawakwanitse aoneke otuwa. Buluu wowala, pepo ndi chobiriwira chothwanima cha magetsi a pa siteji zimazirala nthawi zonse. Ngati chikuto chonse chadalira mitundu imeneyi, sinthani maganizo pano.

Masamba a m'kati

Tinene mosabisa: Photoshop ndi GIMP ndi za zithunzi. Sizisefukiza nkhani kuchoka tsamba lina kupita lina, ndipo tsamba lililonse limakhala fayilo yakeyake. Chikuto, chithunzi cha pakati ndi zotsatsa malonda zikonzeni mmenemo, koma nkhani zazitali zimayenda bwino m'mapulogalamu osanjira masamba, monga Scribus, yomwe ndi yaulere, kapena InDesign. Zithunzi zokonzedwa kale muzitulutse ngati TIFF kapena JPEG yapamwamba n'kuzilowetsa kumeneko. Ngati mwasankha kumalizira zonse mu Photoshop, mafayilo muwatche 01, 02 mpaka 16, ndipo nambala ya tsamba ndi dzina la magazini pansi zikhale pa fayilo yoyambira ija kuti zisamasunthe.

Miyezo ndi yomweyo kulikonse. Siyani 15 mm kumanzere ndi kumanja kuchokera podulira, 18 mm pamwamba ndi pansi. Gawani madanga atatu ndi mpata wa 5 mm pakati, danga lililonse likhala pafupifupi 56.7 mm. Zilembo za nkhani zikhale 9.5 kapena 10 pt, Leading, kutalikirana kwa mizere, 12 mpaka 13 pt, mawu a pansi pa zithunzi 8 pt. Mu Photoshop kokani bokosi ndi Type tool m'malo mongodina, kuti mizere izithyoka yokha. Kuika chithunzi m'bokosi n'kosavuta: jambulani Rectangle, chithunzi pamwamba pake, Ctrl+Alt+G.

Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo m'danga lopapatiza Justify imasiya mipata ikuluikulu pakati pawo. Yambirani kumanzere, kumanja kukhale kosafanana. Chotsaninso Hyphenate pa Paragraph panel, chifukwa imadula motsatira Chingerezi n'kutulutsa nyim-bo kapena n-g'oma. Mukafuna kudula nokha, dulani pambuyo pa a, e, i, o kapena u: nyi-mbo, ng'o-ma, chi-mba-le. Musanakonde font iliyonse lembani Malaŵi, Ŵ wamkulu ndi ng' muone. Ma font ambiri okongoletsa alibe ŵ, ndipo pamalopo pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina. A banja la Noto, omwe ndi aulere pa Google Fonts, ali naye.

Tsamba lililonse likhale ndi chithunzi chimodzi chachikulu, zina zing'onozing'ono. Nkhani ya kwaya kapena gulu la mganda imafuna chithunzi cha gulu lonse, koma anthu 30 m'kabokosi ka masentimita 6 palibe yemwe angadzizindikire. Chipatseni m'lifupi monse mwa tsamba, ndipo mayina a pansi pake muwatsimikize ndi mtsogoleri wa gululo. Pa zithunzi zodutsa masamba awiri, nkhope isagwere popinda.

Kuda kwa mitundu iwiri

Kuda kwa RGB kukasandutsidwa CMYK ndi makonzedwe omwe Photoshop imabwera nawo kumakhala pafupifupi C75 M68 Y67 K90, kutanthauza kuti chilembo chilichonse chidzapakidwa inki zinayi. Pa offset inkizo zikaphonyana pang'ono, zilembo zazing'ono zimatuluka ndi mthunzi wofiira kapena wabuluu. Zilembo za nkhani zikhale C0 M0 Y0 K100. Koma K100 yokha pa malo aakulu imaoneka yotuwa, ndiye kumbuyo kwakuda kwa tsamba lonse ikani C60 M40 Y40 K100. Inki zonse pamodzi zisapyole 300% pa pepala lonyezimira, ndipo pa bond zichepere apo. Info panel, pa F8, imakuonetsani manambalawa. Zilembo zoyera pa chakuda zisachepere 9 pt ndipo zikhale zonenepa, apo ayi inki imazitseka.

Osindikiza akafuna CMYK, sungani fayilo ya RGB padera, mugwire ntchito pa kope. Phatikizani kaye ma layer a zithunzi ndi a Adjustment, chifukwa ena amasintha kapena kutayika posandutsa. Kenako Edit > Convert to Profile, sankhani profile yomwe akuuzani, monga Coated FOGRA39, ndipo chotsani chizindikiro pa Flatten Image kuti zilembo zikhalebe zilembo. Mukatero bwererani pa bokosi lililonse la nkhani muliike K100. GIMP imagwira ntchito mu RGB, choncho ogwiritsa ntchito iyo asiye Scribus isandutse mitundu potulutsa PDF. Mashopu ambiri a digito amalandira RGB, makina n'kusandutsa okha.

Za chilolezo

Chithunzi ndi cha yemwe anajambula, ngakhale chili pa tsamba la Facebook la woyimba. Pemphani, ndipo dzina lake lilembedwe m'mbali mwa chithunzicho. Mawu a nyimbo nawo ali ndi mwini wake pansi pa Copyright Act ya 2016, ndiye musanawasindikize onse lankhulani ndi wopeka kapena a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zolemba. Ana a m'kwaya amafuna chilolezo cha makolo, ndipo za gule wamkulu muyambe mwaonana ndi akuluakulu a dambwe. Pa tsamba 2 kapena 3 lembani dzina ndi adiresi ya wofalitsa ndi ya wosindikiza, monga Printed Publications Act imafunira, ndipo za kalembera wa magazini mufunse ku National Archives ku Zomba.

Kutulutsa fayilo ndi kope loyesera

Mu Photoshop sungani ngati Photoshop PDF, preset ikhale PDF/X-1a:2001 ngati fayilo ili CMYK, kapena PDF/X-4 osindikiza akavomera. Musatumize JPEG ya tsamba la nkhani, zilembo zimafufuma. Photoshop siika zizindikiro zodulira mu PDF yotere, ndiye auzeni kuti tsamba ndi 216 x 303 mm ndipo adule 3 mm mbali zonse, apo ayi wina adzadina Fit to Page n'kuchepetsa zonse. Mu Scribus, pa File > Export > Save as PDF, tsegulani Use Document Bleeds ndi Crop Marks pa Pre-Press, sankhani Printer pa Color, ndipo ma font onse alowe m'fayilo. Tsegulani PDF, kulitsani 400%. Zilembo zikhale zakuthwa ngakhale zithunzi zitayamba kuonetsa timabokosi.

M'kati ikani pepala lonyezimira la 115 mpaka 135 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala), chikuto 200 mpaka 250 gsm. Bond ya 80 gsm ndi yotchipa koma chithunzi chakuda chimaonekera kuseri. Chikuto chochindikala cha inki yambiri chimang'aluka popinda, makamaka pa makina a digito, choncho apempheni adinde mzere wopindira asanapinde, kapena aikepo lamineti. Kunyanja kuno chinyezi chimapinda mapepala, ndiye makope akhale m'pulasitiki mpaka tsiku logulitsa.

Lipirani kope limodzi loyesera musanalamule onse. Lipindeni, lipaneni, mulione panja pamthunzi, osati pansi pa babu. Yang'anani nkhope ngati zada, dongosolo la masamba, zilembo za pafupi ndi mpeni, ndi ŵ aliyense. Lipatseninso munthu yemwe sanalembe nawo awerenge mayina a oyimba, madeti a zoimbaimba ndi manambala a foni a otsatsa malonda. Nkhope zikada, kwezani mithunzi pa Curves pang'ono n'kuyesanso tsamba lomwelo lokha.

Kope la pa foni likhale fayilo ina: RGB, mapikiselo 150 pa inchi, lopanda bleed, tsamba limodzilimodzi, zithunzi zofinyidwa pa Medium kuti lisamalize bandulo ya owerenga. Zilembo za 9.5 pt zimavuta kuwerenga pa foni, choncho nkhani yaikulu muidulenso padera m'zithunzi za 1080 x 1350 za Facebook, zilembo zikuluzikulu, ndipo chikuto muchiike pa 1080 x 1920 cha pa status.